TIFUNSENI MALUME: Kodi ya penshoni imalowa pa deti yanji?

Moni nonse a kuno ku Harare m'dziko la Zimbabwe, a ku Mabvuku, Tafara, Mufakose, Rugare, Epworth ndi inu a ku Dzivaresekwa amene mumadandaula kuti sindikutchulani. Mwezi uno mameseji andichulukira pa nkhani imodzi yomweyi ya penshoni moti ndaika kaye pambali mafunso a zam'banja aja, mayi munalemba za apongozi anu pepani mudikire mwezi wamawa, apongoziwo sathawa. Ndasankhapo angapo ndipo mayina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Malume, ine ndikulembera agogo anga amuna, iwo foni yawo ndi ya mabatani nde andituma. Anagwira ntchito pa fakitale ina ku Workington mpaka anapuma, yawo imalowa chapakati pa mwezi. Nde pali aneba athu anali aphunzitsi, yawo imalowa kumapeto. Agogo akuti pali chinyengo apa, boma limodzi lomweli bwanji madeti awiri, aneba nawo akuti agogo ndi amene akukonderedwa poti amayamba ndi iwo kulandira. Akangana mpaka asiya kusewera limodzi bawo. Tiuzeni zoona zake. (Mdzukulu, Mabvuku)

YANKHO: Mdzukulu iwe, kawauze akuluakulu awiriwo atulutsenso bawo lija, palibe amene akuberedwa ndipo palibe amene akukonderedwa. Vuto ndi ife tomwe, chilichonse timangoti "penshoni ya boma" ngati imachokera mu mphika umodzi pomwe miphika yake ndi iwiri, ophika ndi osiyananso.

Mphika wa agogo ako ndi NSSA, bungwe la boma losunga ndalama za penshoni zodulidwa pa malipiro a antchito, ofesi yawo yaikulu ili pa kona ya Sam Nujoma ndi Selous m'tauni muja, achikulire mpaka pano amati Second Street. Lamulo lokhazikitsa bungweli ndi la 1989 koma kudula pa malipiro kunayamba mu October 1994. Ndalama imeneyi si mphatso ai, ndi thukuta la agogo ako lomwe, mwezi uliwonse wantchito amadulidwa gawo lake, bwana nkuwonjezerapo lofanana nalo, panopa ndi 4.5 peresenti uku 4.5 uku. Kuti munthu azilandira mwezi ndi mwezi amayenera kuti anadulidwa miyezi yosachepera 120, zaka khumi zathunthu. Amene anadulidwa kuyambira miyezi 12 koma osafika 120 amangopatsidwa kamodzi nkutsanzikana. Msinkhu wake ndi zaka 60, ena amapitiriza mpaka 65, ndipo a ntchito zothyola msana monga za mu mgodi amaloledwa pa 55 ngati akwanitsa zofunika. Tsono a NSSA kwa zaka zambiri akhala akulipira chapakati pa mwezi, cha pa 13 pamenepo, nchifukwa chake agogo ako amayamba kuyang'ana kafoni ka mabatani kaja mwezi usanathyoke pakati. Mabwana amayenera kupereka zodula za mwezi wathawo pofika pa 10, nde ine ndimangoona ngati mphika umayamba wadzaza kaye kenako nkupakula.

Aneba anu aphunzitsi mphika wawo ndi wina. Iwo anali wantchito wa boma, yawo imakonzedwa ku ofesi ya mapenshoni ya boma ku Mkwati Building, komwenso kuli SSB yokonza malipiro a amene akadali pa ntchito. Kumeneko anthu salandira tsiku limodzi, amaikidwa pa mzere: asilikali ndi apolisi amakhala kutsogolo, azaumoyo, aphunzitsi, ena onse otsala, opuma pa ntchito amakhala chakumapeto kwa mzerewo ndipo nthawi zambiri ndi kumapeto kwa mwezinso. Madeti ake sanakhomedwe ndi msomali, amasuntha mwezi ndi mwezi kutengera kalendala yomwe boma latulutsa. Amene muli ndi mutu wogwira mukukumbuka 2016 pomwe ndalama inasowa mpaka malipiro a June anthu anawaona mu July, opuma ndi amene anadikira kwambiri. Nde ngati pali wofunika kumumvera chisoni pa awiriwa, mwina ndi aphunzitsiwo kkkk.

Koma uwanong'oneze aneba anuwo kanthu kena, akafufuze mapeyisilipi awo akale. Ngati pali mzere wolembedwa NSSA ndiye kuti nawonso ankadulidwa, akafunse ngati ali ndi kena kake mu mphika wa agogo akowo. Ambiri amangokhala osadziwa.

FUNSO: Malume zandivuta. Bambo anga anapita kumudzi ku Dedza ku maliro a achemwali awo, zinthu zinachuluka mpaka anakhalitsa miyezi isanu ndi iwiri. Abwerako tapita kukachotsa ndalama tikuganiza kuti yaunjikana, tapeza mulibemo ya miyezi itatu yomaliza, khadi likukananso, foni yawonso sikulowa meseji iliyonse. Bambo akungoti basi anandifufuta poti ndine wa ku Malawi. Titani? (Mwana wawo, Highfield)

YANKHO: Achimwene, choyamba muwatsitse mtima bambo. Palibe amene amafufutidwa chifukwa cha komwe kunakwiriridwa mchombo wake, ndalama anadulidwa kuno ndipo ndi yawo. Zimene mwafotokozazi ndaziona kangapo, ndipo kawirikawiri sikuti chaduka ndi chinthu chimodzi, zimaduka zitatu pakamodzi ngati lamba wa njinga yakale.

Choyamba ndi pepala losonyeza kuti munthu akadali moyo, lija timati layifi setifiketi. Olipira penshoni kulikonse amafuna umboni nthawi ndi nthawi chifukwa kuli anthu ena opanda manyazi amene agogo anamwalira kalekale koma khadi likugwirabe ntchito m'thumba mwa mdzukulu. Nde akalengeza kuti bwerani mudzaonekere, iwe uli ku Dedza ukupalira mbatata, sunamve, amayamba aimitsa kaye. Kuimitsa si kufufuta. Munthu akakaonekera ndi chitupa chake nkudinda chala, amamubwezeretsa, ndipo muzikafunsa pomwepo za miyezi yotsalirayo kuti muzimva kuchokera pakamwa pawo kuti ilowa liti, osangotuluka mwakondwa.

Chachiwiri ndi akaunti. Banki ikaona akaunti yangokhala phee miyezi yambiri imaigoneka, ndipo khadi nalo lili ndi deti yake yothera yolembedwa pamwamba pomwepo, tayang'anani bwino mwina linatha bambo ali kumudzi. Zimenezi zimafuna mwini wake apite yekha ku banki, inu mungowaperekeza.

Chachitatu ndi layini ya foni, ichi ndiye chimapweteka anthu ambiri mwakachetechete. Simu ikakhala nthawi yaitali osaimba osagula eyataimu, kampani imaitseka ndipo pakapita nthawi nambalayo amatha kuipereka kwa munthu wina. Ngati penshoni inkadzera pa EcoCash, akaunti ya ndalama ya pa foni ija, kapena ngati meseji ya banki imabwera pa nambala imeneyo, thamangani lero lomwe mukaone ngati ikadali m'dzina la bambo. Ikapezeka kuti inapita, gulani ina m'dzina lawo, osati lanu, nkukasinthitsa konse konse.

Ndikuuzeni zimene ndinaona mwezi wa June, kuzizira kuja kwa Harare komwe kumalowa mpaka m'mafupa. Ndinadutsa pa banki ina m'tauni cha m'ma 6 m'mawa, mzere unali utakhota kale pa kona. Mdala wina atavala jasi la ovolosi yakale ndi chipewa cha ulusi, wakhala pa katoni, m'manja wagwira kapepala ka pulasitiki ka shuga komwe anakulungamo chitupa, khadi ndi kapepala kolembapo pini, zonse pamodzi. Ndinamva akulankhula Chichewa ndi mnzake nde ndinaima. Akuti anadzuka 4 koloko ku Epworth, wakwera makombi awiri, ndipo aka kanali kachitatu sabata yomweyo kubwera kudzangofunsa ngati yalowa. Ndinawerengera thiransipoti ya maulendo atatuwo mtima unandiwawa, gawo ndithu la penshoniyo linali litadyedwa ndi makondakitala isanalowe nkomwe. Chikhala mdzukulu wina anawaphunzitsa kuona balansi pa foni bwenzi atabwera kamodzi. Ndipo za kusunga pini limodzi ndi khadi zija ndinawakalipira ndithu ngakhale ndi akulu kwa ine.

Nde inu achimwene, tsatani motere kuti musayende kawiri: yambani kwa olipira penshoniwo mumve ngati inatumizidwa kapena inaimitsidwa, kenako ku banki, kenako za foni. Mutenge chitupa chenicheni ndi mafotokope ake, nambala ya penshoni, ndi pasipoti yomwe ili ndi zidindo za pa Nyamapanda ndi pa Dedza, ithandiza kufotokoza komwe anali. Ulendo wina akamapita kumudzi simu izitsala ndi munthu woti aziiyatsa.

FUNSO: Malume, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 24, anabadwa ndi ulumali wa miyendo. Msuweni wanga ali ku Johannesburg akuti kumeneko olumala amalandira kumayambiriro kwa mwezi uliwonse osaphonya. Kuno deti yake ndi iti? Ndikalembetse kuti? Komanso mlamu wanga anadulidwa zala zitatu ndi makina ku ntchito, iyenso ndi zomwezo? (Mayi wa ku Tafara)

YANKHO: Achemwali, msuweni wanu sakunama koma akunena za dziko la eni. Ku South Africa kuli SASSA, bungwe la boma lopereka ndalama zothandizira anthu, ndipo kumeneko sabata yoyamba ya mwezi amayamba ndi okalamba, tsiku lotsatira olumala, kenako za ana. Imeneyo ndi ya nzika za kumeneko, okhala ndi chilolezo chokhazikika ndi othawa kwawo ovomerezeka, ndipo munthu azikhala konko. Siwoloka Limpopo. Kuno kulibe ndalama yotero yoti aliyense wolumala azilandira pa deti imodzi, ndikanakonda ndikanakuuzani zina koma ndikhala ndikukunamizani.

Chomwe chilipo ndi makomo atatu, ndipo mwana wanu ndi mlamu wanu salowera khomo limodzi.

Mlamu wanu poti anavulalira pa ntchito, lake ndi khomo la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito, nalonso lili pansi pa NSSA, akale amalidziwa kuti WCIF. Ndalama ya thumba limeneli amasonkha ndi mabwana okha, wantchito sadulidwa. Bwana amayenera kukanena za ngoziyo msanga, adokotala nkuyeza kuti munthu walumala ndi maperesenti angati, kuchokera pamenepo ndi pomwe zimadziwika ngati apatsidwa kamodzi kapena azilandira mwezi ndi mwezi. Amalipiranso chipatala, ndipo ku Bulawayo kuli malo awo ophunzitsira ndi kulimbitsa ovulala otere. Chenjezo langa ndi ili, mabwana ena amakonda kunena kuti tingogwirizana pano ndikupatse kangachepe usapite kutali. Mlamu wanuyo asalole kusaina chilichonse asanatsimikize kuti ngoziyo inalembedwa, zala sizimeranso. Ndipo a m'migodi amene chifuwa chinawagwira chifukwa cha fumbi, ambiri a ife makolo athu ndi a ku Shamva, Arcturus, Mazowe ndi Chakari, nawonso nkhani yawo imadzera mbali yomweyo, asamangoti ndi chifuwa cha ukalamba osakayezetsa.

Khomo lachiwiri ndi la munthu amene ankagwira ntchito nkumadulidwa NSSA, kenako wadwala kapena wachita ngozi kunja kwa ntchito mpaka sangagwirenso ntchito iliyonse, asanafike zaka 60. Ameneyo ngati anadulidwa miyezi yosachepera 12 ndipo adokotala atsimikiza, amalandira mwezi ndi mwezi limodzi ndi anzake a penshoni aja, nthawi yake yomweyo ya pakati pa mwezi.

Mwana wanu ngati sanalembedwepo ntchito ya peyisilipi, lake ndi lachitatu, ku Social Development, komwe tonse timangoti ku Welofeya. Pitani ku ofesi ya m'dera lanu ndi kalata ya kuchipatala, chitupa chake ndi setifiketi yobadwira. Amaunika mmene banja likupezera, ndipo thandizo lake likhoza kukhala kandalama, kapena pepala la AMTO lolandirira chithandizo m'zipatala za boma, kapena za njinga ya olumala ndi ndodo. Kumeneko musayembekezere deti yokhazikika ngati ya msuweni wanu, zimadalira kuti ndalama yatuluka liti ku thumba la boma, nde musapangire bajeti ya lendi pa imeneyo. Koma kalembetseni ndithu, dzina likakhala mulibe m'buku ngakhale zitabwera zimakudutsani pakhomo.

FUNSO: Malume ine ndagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina ku Highlands zaka 31, ndalera ana awo onse mpaka anapita ku London. Panopa mawondo akukana. Anzanga a ku tchalitchi amati pa 13 amakalandira, ine yanga ndiyambe kuyembekezera liti? (Agogo, Tafara)

YANKHO: Agogo, kalata yanu ndaiwerenga katatu ndisanayambe kuyankha. Antchito a m'nyumba ndi a m'maluwa sali m'gulu lodulidwa NSSA, nde ngati zaka zonse 31 zinali za m'nyumba zokhazokha, pa 13 sipadzalowa kanthu m'dzina lanu. Ndikudziwa kuti ndalasa anthu ambiri ndi mawu amenewa chifukwa Mabvuku ndi Tafara anadzaza ndi makolo athu amene ankakwera njinga m'bandakucha kupita kukaphika ndi kutchetcha kapinga ku mayadi. Kwa ine ndi bala lalikulu mu dongosolo lonseli, anthu amene analera mabwana a lero ndi omwe atsala opanda mphika.

Koma musachoke chimanjamanja. Malamulo a antchito a m'nyumba a 1992 amanena za giratuwiti, ndalama yomwe bwana amayenera kupereka wantchito amene wakhala zaka zambiri akamasiya, ndipo imakwera malinga ndi zaka. Musanatsanzike pitani ku ofesi ya zantchito kapena ku bungwe la antchito a m'nyumba akuwerengereni, mupite ndi mwana wodziwa kuwerenga. Musalandire envelopu nkusaina tsiku lomwelo chifukwa cha manyazi oti ndi anthu abwino. Akhoza kukhala abwino ndithu, koma masamu ndi masamu. Ndipo taganizirani bwino, kodi 1994 itadutsa simunagwireko pa famu kapena pa kampani ina ngakhale chaka chimodzi? Nanga malemu amuna anu ngati analipo, ankagwira kuti? Nthawi zina khomo limatsegukira kumeneko.

FUNSO: Amuna anga anamwalira mu February, ankalandira ya NSSA. Mwezi wotsatira inalowa, ana akuti tizingochotsa poti pini tikuidziwa. Ine mtima sukundilola. Vuto lina chitupa changa ndi chakale chija cholembedwa Alien, ndipo dzina la malemu pa chitupa ndi Phiri koma pa mapepala a ku ntchito analemba Piri. (Namfedwa, Rugare)

YANKHO: Mayi, pepani ndi zovutazi, ndipo mtima wanuwo ukunena zoona, anawo asiye. Kupitiriza kuchotsa ndalama ya munthu amene anatisiya ndi mlandu, tsiku lomwe zidzadziwike adzaifuna yonse ndipo mudzachedwetsa yanu yomwe ili yoyenera. Chifukwa yanu ilipo, mkazi wamasiye ndi ana aang'ono amalandira penshoni ya otsala, palinso kathandizo ka maliro. Kanenani za imfayo, mudzaze fomu ija amati P9/P10, mutenge setifiketi ya imfa, ya ukwati, ndi za kubadwa za ana osakwana zaka 18. Ngati ukwati unali wa pachikhalidwe chathu, wa ankhoswe, wopanda pepala, adzafuna umboni wolumbira wa achibale a mbali zonse, nde ankhoswe aja musawataye. Ndipo musadikire kuti mpaka timange kaye chiliza kapena timete kachiwiri, zinthu izi zili ndi malire a nthawi.

Mwezi woyamba musayembekezere pa 13 pomwepo, fayilo yatsopano imayamba yayenda m'maofesi, ikavomerezedwa ndi pomwe mumalowa mu mzere wa mwezi ndi mwezi.

Za Phiri ndi Piri, aaa imeneyo ndi nthenda ya tonse. Makalaliki akale pa famu ndi pa mgodi ankangolemba mmene amvera, Mbewe kusanduka Mbeve, Nkhoma kusanduka Nkomo, ena mpaka anapatsidwa dzina la mudzi wawo kapena la bwana ngati la bambo awo. Kompyuta sidziwa kuti ndi munthu mmodzi. Pamafunika afidaviti kwa komishinala wa malumbiro yonena kuti Phiri ndi Piri ndi munthu yemweyo, nambala ya chitupa ndi imene imagwirizanitsa, kalata ya komwe ankagwira ntchito ikapezeka ndi bwino kwambiri.

Chitupa chanu cha Alien chisakuopseni, ndi chitupa ndithu. Koma ngati munabadwira kuno, Konsitityushoni ya 2013 pa gawo 43 imati munthu wobadwira mu Zimbabwe isanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo iye mwini ankakhala kuno pomwe inkatuluka, ndi nzika mwa kubadwa. Pitani kwa a zitupa ku Makombe kapena ku Market Square ndi setifiketi yobadwira yaitali ija mukasinthitse. Mukasintha mukadziwitse banki ndi a penshoni kuti mapepala onse aziyankhula chimodzi.

FUNSO: Malume, meseji yalowa koma ndalama yake ndi yochepa kuposa ya mwezi watha, andidula? (Bambo wa ku Mufakose)

YANKHO: Bambo, musanakwere kombi onani kaye akaunti inayo. Masiku ano ambiri akulandira mbali ina mu madola a America, mbali ina mu ZiG, ndalama ya dziko lino, ndipo zimalowa mu maakaunti osiyana, ya madola ija amati nositiro. Sizilowa ola limodzi nthawi zonse, ina ikhoza kutsogola. Onaninso zomwe banki yadula, ndipo funsani ngati akaunti yanu inalembedwa kuti ndi ya opuma pa ntchito chifukwa mabanki ena amawachepetsera zodula, kungoti osafunsa sauzidwa.

Sindikudabwa kuti mwathamangira kuganiza zodulidwa. Munthu amene anaona ndalama yake ya zaka makumi atatu ikusungunuka mu 2008 nkudzuka mu 2009 atauzidwa kuti yasanduka timadola towerengeka, kenako 2019 madola a mu akaunti nkusanduka ndalama ya kuno yotchedwa RTGS, kenako April 2024 kwabwera ZiG, mu September chaka chomwecho nkugwetsedwa mphamvu, ameneyo akamva foni kulira mtima umayamba wagunda. Nkhani ya zotayika za 2009 isanafike ija mpaka inakhazikitsidwira komishoni yotsogozedwa ndi Justice Smith mu 2015, ndipo amene anali mu mathumba a penshoni a makampani, osati NSSA, woyang'anira wake ndi IPEC, kumeneko nkomwe mungafunse ngati thumba lanu likubweza kanthu. Mathumba a makampaniwo aliyense ali ndi deti yake yolipirira, nde musawasakanize ndi madeti awiri ndanena kumayambiriro aja.

FUNSO: Alandilodi amafuna lendi pa 1, yanga imalowa pa 13. Mwezi uliwonse ndimakongola kwa munthu wina wa katapira, panopa akusunga khadi langa ndi pini, amachotsa yekha nkundipatsa chenji. Komanso mu August inachedwa, chinachitika nchiyani? (Agogo amuna, Epworth)

YANKHO: Agogo, za August ndi zosavuta. Heroes Day imakhala Lolemba lachiwiri la mweziwo, mawa lake Defence Forces Day, nde maholide awiriwa amagwera pafupi ndi deti yanu, kuwonjezera Loweruka ndi Lamlungu la kutsogolo kwake. Mabanki satumizirana ndalama masiku otere. Deti ikagundana ndi wikendi kapena holide imasuntha, mverani chilengezo pa wailesi kapena mdzukulu akuonereni pa tsamba lawo lenileni, osati mameseji a pa WhatsApp ongotumizirana aja, ena mwa iwo ndi a akuba ofuna mudine linki nkulemba pini. A penshoni sangakufunseni pini pa foni.

Koma chandikwiyitsa ndi cha khadicho. Chimbadzo amatero anzathu kuno, ife timati katapira, dzina lililonse ndi msampha womwewo, mwakongola 20 mubweza 30, mwezi wamawa muyambanso opanda kanthu nkubwereranso kwa yemweyo. Munthu ameneyo alibe ufulu wosunga khadi lanu ngakhale mutakhala ndi ngongole yake. Pitani ku banki ndi chitupa chanu, mukanene kuti khadi lili m'manja mwa munthu wina, alitseke akupatseni lina ndi pini yatsopano. Ngongole ya eni mubweze ndithu, koma ndi dzanja lanu, pang'onopang'ono, pamaso pa mboni, mkulu wa mpingo kapena wa ku mzikiti kapena tcheyamani wa beriyo sosaiti yanu, gulu lothandizana pa maliro lija, ndipo zilembedwe m'kope. Akayamba kuopseza, ku polisi.

Kenako mukhale pansi ndi alandilodi, osati pa 1 pomwe mitima ili m'mwamba, koma tsiku lomwe mwawapatsa ndalama m'manja. Muwaonetse mameseji a miyezi itatu yapitayi aone okha kuti imalowa liti, nkupempha kuti tsiku lanu la lendi likhale pa 15. Mwezi woyamba wokhawo ndi umene uvute poti pali masabata awiri ofunika kulumikiza, pamenepo ndi pomwe ana ndi adzukulu asonkhe kamodzi kokha, kapena mupemphe a ku raundi, chipereganyu chija, akutsogozeni mwezi umenewo. Mundilemberenso mu October mundiuze kuti alandilodi ati chiyani, ndipo ngati khadi likadali kwa munthu uja munene, ndiyankhula ndi a ku tchalitchi kwanu akuperekezeni ku banki.